Citsulo ca mu 1972 cinagwa pa Ciwelu, nanga n'cifukwa ciani akatswili sanatiuze ola?

Pa Ciwelu m'mawa, pa 10 May 2025, citsulo colemela pafupifupi hafu ya tani cinagwa kucoka kumwamba pambuyo pozungulila dziko kwa zaka 53. Dzina lake ni Kosmos 482. Bungwe la za m'mlengalenga la ku Russia, Roscosmos, linati cinagwela m'nyanja ya Indian Ocean, kumadzulo kwa Jakarta, pa 08:24 nthawi ya kuno. Bungwe la ku Europe, ESA, linangokamba kuti radar ya ku Germany inaciona cikupita pa 08:04, ndipo pamene cinafunika kupitanso pa 09:32 sicinaoneke. Asilikali a ku America nawonso anapeleka nthawi yawo, yosiyanako na ya anzawo. Sipanamveke za munthu wovulala, ndipo palibe amene anabwela na cidutswa m'manja.

Ambili a ife tikamva zotele timapukusa mutu. Anthu amene amatsitsa makina pa Mars, pamalo amene asankha okha, angalephele bwanji kutiuza tsiku, ola na mudzi kumene citsulo cakale cidzagwela? Mlungu wonse cisanagwe, yankho lawo linali lakuti cidzagwa penapake pakati pa madigili 52 kumpoto na madigili 52 kumwela. Cigawo cimeneci ciyambila ca ku London mpaka kufupi na kumathelo kwa South America. Africa yonse ili mkati, Zambia pamodzi. Ife tikuti yankho limenelo, ngakhale limveka monga kuzemba, linali loona, ndipo tifunika kuphunzila kulemekeza mayankho otelo. Cotikwiyitsa pa nkhaniyi cilipo ndithu, koma cili kwina, ndipo tifikako.

Tiyambe na mbili ya citsuloco. Dziko la Soviet Union linaciponya kumwamba pa 31 March 1972 kucokela ku Baikonur, ku Kazakhstan. Panthawiyo kuno njanji ya TAZARA inali ikali kumangidwa. Ulendo wake unali wa ku Venus, ija makolo amaicha nthanda. Masiku anayi kumbuyo kwake anali ataponya cinzake cofanana naco, Venera 8, cimene cinafika bwino, cinatela pa Venus mu July 1972, n'kutumiza uthenga kwa mamineti pafupifupi 50. Koma combo caciwili cinaona tsoka. Injini yothela, imene inafunika kucikankha kuti cicoke m'manja mwa dziko lathu, inazima nthawi isanakwane. Boma la Soviet silinali kukonda kuulula zolephela, conco makina otele anali kungopatsidwa dzina lakuti Kosmos na nambala. Patangopita masiku ocepa, mipila ina ya citsulo ca titanium inagwela m'minda pafupi na tauni ya Ashburton ku New Zealand. Mbali yaikulu ya comboco inagwa mu 1981. Cimene cinatsala kumwamba ni kaphukusi kobulungila, ka mita imodzi m'mimba mwake, kolemela makilogilamu 495, kamene kanapangidwila kutela pa Venus.

Apa ndiye panali nkhawa. Makina ambili akamabwelela, amapsa na kuphwanyika akali m'mwamba. Koma aka anakapanga kuti kapilile Venus, kumene kutentha kumapitilila madigili 450 ndipo mpweya umapanikiza kuwilikiza ka 90 kuposa wa kuno. Cinthu colimba conco cikanatha kufika pansi cathunthu, pa liwilo loposa makilomita 200 pa ola. Dziko limene linaciponya linatha mu 1991, koma katundu wake anali akali kupita pamwamba pa mitu yathu. Akulu anati mlandu suola.

Kuti timvetse cifukwa cake kulosela n'kovuta, tione coyamba cimene cimagwetsa zinthuzi. Cinthu cozungulila dziko pafupi cimathamanga makilomita pafupifupi 7.8 pa sekondi imodzi, kutanthauza makilomita 28,000 pa ola, ndipo cimatsiliza ulendo umodzi m'mamineti 90. Liwilo limenelo ndilo limacisunga kumwamba. Koma mpweya wokuta dziko ulibe denga. Umangopyapyala pang'onopang'ono, cakuti ngakhale pa mtunda wa makilomita 200 kapena 400 ukalipo wocepa. Njila ya Kosmos 482 inali yooneka monga dzila: mbali imodzi inali kutsika kufika ca pa makilomita 200, mbali ina inali kukwela kupitilila makilomita 9,000. Nthawi iliyonse cikapita kumunsi kuja, mpweya unali kucibela kaliwilo kocepa, ndipo nsonga ya kumwamba inali kutsikako. Zinatenga zaka 53 kuti dzila lija lisanduke mkombelo waung'ono. Cinthu cikatsika kufika ca pa makilomita 120, nkhani imakhala yatha.

Vuto loyamba ni dzuwa. Mpweya wa pamwambawo sukhala cimodzimodzi. Dzuwa likalusa, umatentha n'kufufuma, ndipo cinthu cimene dzulo cinali kupita m'mpweya wopyapyala lelo cimapezeka m'mpweya wothinana. Ukali wa dzuwa umakwela na kutsika pa zaka pafupifupi 11, ndipo mu 2024 na 2025 unali pamwamba. Kuonjezela apo, dzuwa limaphulitsa namondwe wake mosayembekezeleka, ndipo palibe angamulosele bwinobwino kukali milungu iwili. Mu February 2022, kampani ya SpaceX inaponya masetilaiti 49 a Starlink. Tsiku lotsatila kunacitika namondwe wa dzuwa amene sanali ngakhale wamkulu, mpweya unafufuma, ndipo masetilaiti 38 anagwa. Ngati kampani ya ndalama zotelo inagwidwa na dzuwa pa makina atsopano amene inali kuwalamulila, kuli bwanji citsulo cakufa?

Vuto laciwili ni kaonekedwe ka cinthuco. Tulutsani dzanja pa windo ya basi ikuthamanga mu Great East Road. Mukaligoneka, mphepo imangopita. Mukaliimika, imalikankhila kumbuyo. Setilaiti yakufa imagubuduka mmene yafunila, nthawi zina cam'mbali, nthawi zina camutu, ndipo palibe angaiuze kuti ikhazikike. Kosmos 482 cinali cobulungila, conco vutoli linali locepako, komabe palibe amene anaciona pafupi kucokela mu 1972.

Vuto lacitatu ni liwilo lija, ndipo apa masamu ni osavuta. Mukaphonya na mineti imodzi cabe, mwaphonya na makilomita pafupifupi 470, mtunda wofanana na kucoka mu Lusaka kufika ku Livingstone. Mukakaika na mamineti 20 uku na 20 uku, ndiye kuti mwakaika na makilomita pafupifupi 19,000, hafu ya ulendo wozungulila dziko. Ndiponso dziko silidikila. Pamene citsulo cikutsiliza ulendo umodzi, dziko limakhala latembenuka, cakuti ulendo wotsatila umapita makilomita pafupifupi 2,500 kumadzulo kwa woyamba.

N'cifukwa cake akatswili ali na lamulo la pakamwa: kukaika kumakhala pafupifupi 20 pelesenti ya nthawi imene yatsala. Kukatsala masiku 10, amakaika na masiku awili uku na uku. Kukatsala maola 10, amakaika na maola awili, ndipo m'maola awili citsulo cimakhala cazungulila dziko lonse n'kuyambanso. Marco Langbroek, mphunzitsi wa pa Delft University of Technology ku Netherlands, ni mmodzi wa amene anatsatila Kosmos 482 kwa zaka. Kumapeto kwa April anakamba kuti cidzagwa ca pa 10 May, koma anaonjezela kuti cingafulumile kapena kucedwa na masiku angapo. Tsiku lililonse anali kucepetsa mpatawo, kucoka pa masiku kufika pa maola. Tsiku analilasa. Koma akanachula tsikulo popanda mpata, ukanakhala mwayi wa pa njuga cabe.

Ngakhale eni ake a makina amaphonya. Skylab, nyumba ya m'mlengalenga ya America yolemela matani opitilila 70, anaiyembekezela kukhala kumwamba mpaka m'ma 1980, koma dzuwa linalusa kuposa mmene anaganizila ndipo inagwa pa 11 July 1979. NASA inayesa kuilunjikitsa m'nyanja kumwela kwa Cape Town. Inacedwa kuphwanyika, zidutswa zake n'kukagwela kumadzulo kwa Australia, ndipo khonsolo ya tauni ya Esperance inalipilitsa NASA madola 400 cifukwa cotaya zinyalala.

Wina angafunse kuti: cabwino, ni oona mtima, koma ulosi wakuti "penapake pakati pa London na South America" utithandiza ciani? Funsoli n'lomveka. Koma ulosi wotelo umagwila nchito zingapo. Umatiuza nthawi imene sitifunika kuda nkhawa ngakhale pang'ono. M'maola othela umacotsa maiko ambili pa mndandanda, cifukwa citsulo cingagwe kokha pansi pa mizela yocepa imene yatsala. Umathandiza oyendetsa ndeke: mu November 2022 dziko la Spain linatseka mbali ya mlengalenga wake kwa kanthawi pamene roketi ya ku China ya Long March 5B inali kugwa, ndipo ndeke mazana zinacedwa. Umatiuzanso kukula kwa ngoziyo. Madzi amakuta 71 pelesenti ya dziko, ndipo mtunda wambili ni chile, zipululu na minda. M'zaka zonse kucokela mu 1957, palibe imfa yotsimikizika ya munthu wogweledwa na cinthu cocoka m'njila yozungulila dziko. Mayi wina, Lottie Williams wa ku Tulsa ku America, anakhudzidwa paphewa na kacidutswa ka roketi mu 1997 ndipo sanavulale. Kuoloka Lumumba Road madzulo n'koopsa kwambili kuposa Kosmos 482.

Vuto lathu ni lakuti tinazolowela kukhulupilila wokamba mwamphamvu. Kondakitala akati kwatsala anthu awili cabe kuti basi inyamuke, tonse tidziwa kuti si zoona, koma timakwela. Wogulitsa manambala a betting sakamba kuti "mwina". Mneneli wa pa Facebook amachula tsiku na ola, ndipo zikalephela amati mapemphelo ndiwo abweza. Pomwe wa zanyengo akati mvula ya caka cino ingakhale yapakati kapena yocepekela, timati sadziwa nchito. Komatu amene wakamba kuti "mwina" n'kutiuza kukula kwa "mwina" wakeyo watipatsa cinthu cimene tingamuyese naco. Zikagwa kunja kwa mpata umene anapeleka, tidzadziwa kuti waphonya, ndipo iye adzakonza masamu ake. Wochula ola lenileni kukali mlungu wathunthu akutigulitsa mtima wake cabe.

Conco uthenga wa mtunduwu ukabwela pa WhatsApp, ndipo udzabwela ndithu, tiufunse mafunso atatu tisanautumize ku gulu la banja. Wakamba ndani, ni bungwe liti? Unalembedwa liti, popeza ulosi wa dzana umakhala utasintha kale? Nanga mpata wake uli kuti? Uthenga wochula Kanyama kapena Chipata kukali masiku atatu ni wabodza, cifukwa palibe munthu pa dziko lapansi, ngakhale wa ku NASA, amene angadziwe zimenezo.

Manje tifike pa cotikwiyitsa cija. Kukaika konseku kumakhalapo cifukwa cinthuco cilibe woyendetsa. Kosmos 482 inali ngozi, ndipo mu 1972 palibe akanacitapo kanthu. Koma zambili zimene zikugwa masiku ano zimagwa mosalamulilika cifukwa eni ake anasankha kutelo. Njila yozitsitsa bwino ilipo ndipo ni yakale. Mu March 2001 dziko la Russia linayatsa injini n'kutsitsa nyumba yake ya m'mlengalenga, Mir, yolemela matani opitilila 100, m'nyanja ya Pacific kumwela, kutali na anthu. Tsiku na malo zinadziwika pasadakhale. Mu 2024 NASA inapatsa SpaceX nchito yopanga combo codzatsitsa International Space Station mwanjila imodzimodzi ikadzatha nchito ca m'ma 2030. Kucita zimenezi kumafuna kusiya mafuta ena m'thanki na kuika injini yotha kuyakanso. Mafuta amenewo ni katundu amene akanalipilitsa kasitomala. Ena amaona kuti n'cochipa kungoisiya roketi kuti idzagwe yokha, kulikonse kumene idzagwele.

Ndipo "kulikonse" kumeneko kumakonda kukhala kwa osauka. Mu May 2020, zidutswa za roketi ya Long March 5B, kuphatikizapo paipi yaitali mamita 12, zinagwela m'mudzi wa Mahounou ku Côte d'Ivoire. Pa 30 December 2024, mkombelo wa citsulo wa mamita awili na hafu, wolemela pafupifupi makilogilamu 500, unagwela m'mudzi wa Mukuku ku Makueni, ku Kenya, ndipo Kenya Space Agency inati ni mbali ya roketi. Kafukufuku wa Michael Byers na anzake wa mu 2022, wofalitsidwa mu Nature Astronomy, anapeza kuti maroketi otayidwa ali na mpata woculuka pafupifupi katatu wogwela m'cigawo ca Jakarta, Dhaka na Lagos kuyelekeza na ca New York, Beijing na Moscow. Cifukwa cake n'cakuti ambili amasiyidwa m'njila zopita pafupi na equator. Zambia ili pakati pa madigili 8 na 18 kumwela. Caona mnzako capita, mawa cili pa iwe. Mu 1964 maiko akunja anaseka a Edward Mukuka Nkoloso pamene anali kugubuduza acinyamata m'madilamu pokonzekela ulendo wa ku mwezi. Madilamu a Nkoloso sanagwele pa denga la munthu aliyense.

Sitikukamba kuti maroketi aleke kuuluka. Tingakhale onama, popeza timadya nawo. Mapu a pa foni, mpila wa pa DStv na zithunzi za mitambo zimene a zanyengo amasewenzetsa zonse zimacokela kumwamba. Starlink inayamba kugwila nchito muno mu Zambia mu October 2023, ndipo masetilaiti ake, amene ni masauzande, amapangidwa kuti agwile nchito zaka pafupifupi zisanu kenako atsitsidwe n'kupsa. Zinthu zokwela zikuculuka, conco zotsika nazonso ziculuka. Cimene tikukamba n'cakuti woponya aziikilatu mu bajeti yake mtengo wotsitsa. Malamulo ayamba kusintha. Kale cizolowezi cinali cakuti setilaiti yakufa icoke kumwamba pasanathe zaka 25, koma mu 2022 bungwe la FCC la ku America linacepetsa kufika pa zaka 5. Maiko ena amafunanso kuti ngati mpata wovulaza munthu upitilila 1 pa 10,000, cinthuco citsitsidwe molamulilika. Maiko a mu Africa afunika kukamba na liwu limodzi ku United Nations kuti muyeso umenewu ukhale wa onse, popeza ndife tili pansi pa njila.

Lamulo la malipilo liliponso. Pangano la maiko la mu 1972, caka cimodzimodzi ca Kosmos 482, limati dziko loponya cinthu ndilo lilipile zonse zimene cidzawononga pansi. Linayesedwapo pamene Kosmos 954, setilaiti ya Soviet yokhala na mphamvu ya nyukiliya, inamwaza zidutswa zake kumpoto kwa Canada pa 24 January 1978. Canada inapempha madola a kwawo 6 miliyoni, ndipo inalandila 3 miliyoni. Koma pansi pa panganoli dandaulo limayenda kucoka ku boma kupita ku boma. Mlimi wa ku Petauke sangapite yekha ku Moscow kapena ku Beijing, ndipo boma silingamukambile popanda umboni. Ndiye cifukwa cake tikupempha a Disaster Management and Mitigation Unit na a unduna wa Technology and Science kuti akhale na malangizo acidule, m'zinenelo zathu, a zimene munthu acite akapeza citsulo cacilendo m'munda.

Pakali pano malangizo ake ni awa. Musacigwile, ndipo ana asayandikile. Mathanki ena amakhala na hydrazine, mafuta a poizoni amene amaocha khungu na mapapo, ndipo nkhani ya ku Canada ionetsa kuti zina zimakhala zoopsa kuposa apo. Jambulani muli patali, lembani tsiku na nthawi, uzani apolisi kapena amfumu. Ndipo tidziwana: musathamangile naco kwa ogula ma scrap. Pangano la mu 1967 limati cinthuco cimakhalabe ca eni ake ngakhale citagwela kwina, ndipo manambala olembedwa pa citsuloco ndiwo umboni wa amene afunika kulipila.

Cothela, nchito yolosela imeneyi si ya azungu okha. Manambala oonetsa njila za masetilaiti na zinyalala masauzande amafalitsidwa kwaulele pa intaneti, pa webusaiti monga CelesTrak, ndipo ena mwa amene anajambula Kosmos 482 cisanagwe ni anthu wamba okhala na ma telescope kunyumba kwawo. Wophunzila physics pa UNZA kapena pa CBU amene ali na laputopu na bando angathe kuona ngati mzela wa cinthu cakugwa upita pamwamba pa Zambia kapena ayi, na kutiuza m'Cinyanja kuti mpata wake ni maola angati. Kumwela kwa dziko lapansi kuli maso ocepa oyang'ana kumwamba kuyelekeza na kumpoto, conco aliyense woonjezeleka ni wofunika. Tsiku limene citsulo cina cidzayamba kutsika, tifuna kuti wotiuza akhale mmodzi wa ife, ndipo akadzati "pakati pa Cisanu usiku na Ciwelu masana", tidzamumvele m'malo momuseka.